Kodi wotchi yotchipa ingapikisane ndi Rolex pa nyanja ya Chiuta?

Nsomba zikaphedwa bwino pa nyanja ya Chiuta, ndalama sizichedwa kupeza njira yotulukira m'thumba mwa msodzi. Wina amagula njinga, wina malata, wina foni, koma alipobe ena amene mtima wawo umakhala pa wotchi yapamkono. Amalonda oyendayenda amazidziwa bwino zimenezi. Pa masiku a msika, kaya ndi ku Entre Lagos, ku Insaca kapena tsidya lija la Nayuchi, amayala mawotchi pa kansalu n'kumawatembenuza kuti anyezimire ndi dzuwa.

Ambiri mwa mawotchiwa ndi aakulu, okhala ndi mkombero wa manambala kuzungulira galasi, ndipo pankhope pake pamakhala maina otchuka monga Rolex ndi Omega. Wogulitsa amatsimikiza kuti salowa madzi. Nthawi zina pambali pake pamakhala ka Seiko kakale, kokandikakandika, koma mtengo wake n'kukhala wokwererapo. Apa wogula amadabwa kuti zitheka bwanji wotchi yotha nkhope n'kudula kuposa Rolex yatsopano.

Yankho lake ndi lakuti Rolex ya pakansaluyo si Rolex. Yeniyeni ya mtundu umenewu, yotchedwa Submariner, mu 2024 inkagulitsidwa pa mtengo woposa madola 9,000 a ku America m'masitolo ovomerezeka. Chaka chimenecho dola imodzi inkasinthidwa pa meticais pafupifupi 64, kutanthauza kuti wotchi imodzi inkadya meticais oposa 570,000. Ndalama yotereyi munthu angagule nayo boti la matabwa, injini yake ndi maukonde, ina n'kutsalako. Palibe amene angayale katundu wotero pa fumbi la pamsika.

Komabe pali funso lina limene ndi lofunika kwambiri kwa munthu wa kunyanja. Makampani a ku Japan monga Seiko, Orient ndi Citizen amapanga mawotchi enieni olowa nawo pansi pa madzi, osayendera batire, amene mtengo wa ena mwa iwo unkayambira pa madola 150 kufika cha m'ma 300. Kodi Rolex yodula kuwirikiza ka 40 ndi yabwinonso kuwirikiza ka 40? Nanga msodzi amene wasonkhanitsa ndalama zake movutikira, akagula ya ku Japan, ndiye kuti wagula chinthu chachabe?

Mawotchi osayendera batire si achilendo kumbali ino. Amuna amene ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Halale ankabwerako ndi sutikesi, wailesi, bulangete ndi wotchi. Ina inali yopukusa ndi zala m'mawa uliwonse, ina yodzipukusa yokha. Pa zaka za nkhondo, mpaka pamene mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, masitolo ambiri m'midzi anali opanda kanthu ndipo batire silinkapezeka wamba. Wotchi yosafuna batire ndiyo inkapitiriza kuyenda. N'chifukwa chake dzina la Seiko 5, mtundu umene unayamba kupangidwa mu 1963, akuluakulu amalitchulabe mwaulemu.

Mkati mwa wotchi yotere muli sipuling'i yopyapyala yokulungidwa ngati nkhata. Ikamamasuka pang'onopang'ono imayendetsa timagudumu ta mano, ndipo kagudumu kena kamene kamapita uku ndi uku ngati mtima ndi kamene kamaletsa kuti mphamvuyo isathe nthawi imodzi. Mu wotchi yodzipukusa yokha muli kachitsulo kolemera, kooneka ngati theka la mwezi, kamene kamazungulira mkono ukagwedezeka n'kumakulunga sipuling'i ija. Msodzi amene akupalasa bwato tsiku lonse ndiye kuti akupukusa wotchi yake osadziwa. Kapangidwe kameneka ndi kamodzimodzi mu Rolex ndi mu Seiko. Kusiyana kuli pa kusalala kwa tizitsulo ndi nthawi imene amisiri atenga potilinganiza.

Pa nkhani yotseka madzi, a Rolex ayenera kupatsidwa ulemu wawo. Mu 1926 anatulutsa wotchi yotchedwa Oyster, imene chivindikiro chake cha kumbuyo ndi kakiyi kopukusira zinkamangidwa ngati bawuti. Chaka chotsatira mayi wina wa ku England, Mercedes Gleitze, anasambira nayo kwa maola oposa 10 m'nyanja yozizira ya pakati pa England ndi France, ndipo inatuluka ikuyenda. Mu 1953 kunabwera Submariner ya a Rolex ndi Fifty Fathoms ya a Blancpain, zopangidwira anthu olowa pansi pa madzi atabereka mabotolo a mpweya. Kwa anthu amenewo wotchi inali nkhani ya moyo ndi imfa, chifukwa ndiyo inkawauza nthawi yobwerera pamwamba mpweya usanathe. Mkombero wa manambala uja ntchito yake ndi imeneyi: munthu amauzunguza kuti chizindikiro chake chiyang'anizane ndi muvi wa mphindi pamene akulowa m'madzi, kenaka n'kumawerenga mphindi zimene zapita. Umazungulira mbali imodzi yokha, kuti ukagundidwa mwangozi uonetse ngati nthawi yapita yambiri, munthuyo atuluke msanga osati mochedwa.

Koma nzeru imeneyi tsopano yatha zaka pafupifupi 100, ndipo inasiya kalekale kukhala chinsinsi cha kampani imodzi. Madzi ali ndi makomo atatu olowera mu wotchi: m'mbali mwa galasi, pa chivindikiro cha kumbuyo, ndi pa kakiyi kopukusira. Pa khomo lililonse pali kamphira kozungulira kamene kamapanikizika n'kutseka mpata. Mphira ameneyu sadziwa dzina lolembedwa pankhope ya wotchi. Akakhala watsopano ndipo waikidwa bwino amatseka madzi mu wotchi ya madola 200 monga momwe amatsekera mu ya madola 9,000. Akauma ndi kung'aluka, zonse ziwiri zimamwa madzi.

Pali muyeso wa dziko lonse wotchedwa ISO 6425 umene wotchi iyenera kukwaniritsa kuti ilembedwe mawu akuti "Diver's". Iyenera kupirira kuya kwa mamita 100 kapena kuposa, iyenera kuoneka mumdima, ndipo iliyonse payokha imayesedwa pa mphamvu ya madzi yoposa nambala yolembedwayo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Choncho yolembedwa "Diver's 200m" inapanikizidwa ngati ili pa mamita 250 isanatuluke m'fakitale. Submariner ya masiku ano imalembedwa mamita 300. Tsono nyanja ya Chiuta m'malo ambiri kuya kwake ndi mamita owerengeka chabe, moti munthu amayendetsa bwato pokankha pansi ndi nsungwi. Ngakhale nyanja yaikulu ya Niassa, imene pena imazama mamita 700, anyamata ogwira nsomba za mbuna zotumiza kunja amagwira ntchito m'miyala ya m'mphepete, kutali kwambiri ndi mamita 200. Mamita 100 owonjezera a Rolex palibe munthu wa kuno amene adzawagwiritse ntchito.

Mbiri ikuonetsa kuti mawotchi otsika mtengowa anayesedwa kale m'malo ovuta. A Seiko anatulutsa wotchi yawo yoyamba yolowa nayo pansi pa madzi mu 1965. Pakati pa 1974 ndi 1976, munthu wina wa ku Japan dzina lake Naomi Uemura anayenda yekha makilomita oposa 12,000 pa ngolo yokokedwa ndi agalu, kuchokera ku Greenland kukafika ku Alaska, m'dziko la madzi oundana, atavala Seiko. Mu 1996 kampaniyi inayamba kupanga mtundu wotchedwa SKX007, wolembedwa "Diver's 200m", umene kwa zaka zambiri unkagulitsidwa cha m'ma madola 200 mpaka pamene unasiya kupangidwa mu 2019. Ophunzitsa anthu kulowa pansi pa madzi, asilikali ndi asodzi m'maiko ambiri anauvala kwa zaka popanda kuutsegula. Nakonso ku Soviet Union, mu 1967, amisiri a mumzinda wa Chistopol anapanga wotchi yotchedwa Vostok Amphibia mwa nzeru ina: madzi akamapanikiza kwambiri, chivindikiro cha kumbuyo chimakanikiza mphira kwambirinso, moti pozama wotchiyo imangotsekeka mowonjezera. Mpaka lero ndi imodzi mwa mawotchi otchipa kwambiri a mtundu umenewu.

Izi sizikutanthauza kuti ndalama za Rolex zimangopita pa dzina lokha. Pali malo amene yodulayo imapambanadi, ndipo kubisa kungakhale kunamiza owerenga. Poyamba ndi pa kusunga nthawi. Kuyambira mu 2015 a Rolex amalonjeza kuti wotchi yawo sitaya kapena kuthamanga kuposa masekondi 2 patsiku. Makina a Seiko otchedwa NH35, amene amapezeka m'mawotchi ambiri otsika mtengo, amaloledwa kuchedwa ndi masekondi 20 kapena kuthamanga ndi masekondi 40 patsiku, ngakhale kuti ambiri amachita bwino kuposa pamenepo. Rolex ikavulidwa imayendabe maola 70, pamene makina a NH35 amaima pakatha maola 41. Galasi la Rolex ndi la safiro, lovuta kukandika, pamene la SKX007 linkakandika likakhudzana ndi mchenga kapena mwala. Chitsulo chake ndi cha mtundu wa 904L, cholimbana kwambiri ndi madzi a mchere kuposa 316L chimene ena amagwiritsa ntchito. Lamba wake ndi wolimba, wosachita phokoso, ndipo pomugwira munthu amamva kuti amisiri anakhalirapo pansi.

Koma zonsezi zikafika pa gombe la Chiuta zimachepa mphamvu. Madzi a Chiuta si a mchere, ndipo ngakhale kunyanja ya mchere chitsulo cha 316L chimakhala zaka zambiri osadyeka ngati chikutsukidwa. Wotchi yothamanga theka la mphindi patsiku ndiye kuti pa sabata yathamanga mphindi zitatu ndi theka. Munthu amangoikonza Lamulungu lililonse pomva nthawi pa wailesi, kaya ya Rádio Moçambique kuchokera ku Lichinga kapena ya MBC. Mphindi zitatu sizingalepheretse munthu kukawonjola ukonde, ndipo basi kapena sitima imene imanyamuka ndendende pa sekondi yake m'dera lino anthu sanaionebe.

Pano pali mfundo ina imene okonda mawotchi osayendera batire sakonda kuimva. Ngati munthu akungofuna nthawi yolondola basi, ka Casio ka pulasitiki ka F-91W, kamene kanayamba kupangidwa mu 1989, kamaposa Rolex. Kamalakwitsa ndi masekondi osapitirira 30 pa mwezi wathunthu, pamene Rolex ikuloledwa kufika mphindi imodzi pa mwezi. Chiyambire 1969, pamene a Seiko anatulutsa wotchi yoyamba yapamkono yoyendera batire ndi kamwala ka quartz, mpikisano wa kulondola kwa nthawi unatha. Ubwino wa wotchi ya sipuling'i ndi wakuti sifunika kutsegulidwa kuti musinthidwe batire. Kutsegula kulikonse kumasokoneza mphira uja, ndipo mawotchi ambiri a batire amayamba kulowa madzi tsiku lomwe aikidwa batire latsopano pa khonde la sitolo.

Nkhani ya kukonza ndi imene imasiyanitsa kwambiri mawotchi awiriwa kwa munthu wa kumudzi. Mafuta a m'kati mwa wotchi iliyonse amauma pakapita zaka. A Rolex amalangiza kuti wotchi yawo izikonzedwa pafupifupi zaka 10 zilizonse, ndipo zipangizo zake amazipereka kwa amisiri ovomerezeka okha, amene sapezeka ku Cuamba kapena ku Liwonde. Mtengo wokonzetsa kamodzi kokha umaposa mtengo wogulira Seiko yatsopano. Pamene makina a Seiko anapangidwa miyandamiyanda, moti mmisiri wa pakhonde, amene amakhala ndi kagalasi pa diso ndi kabokosi ka mawotchi akufa, amatha kuchotsa kagudumu mu wina n'kuika mu wina. Makinawo akatheratu, atsopano amagulidwa pa mtengo wochepa n'kulowetsedwa m'chigoba chomwecho.

Chenjezo lake ndi lakuti amisiri ambiri a pakhonde alibe makina oyesera ngati wotchi ikutsekabe madzi. Amatha kuidzutsa kuti iziyenda bwinobwino, koma ngati abwezeramo mphira wakale wouma, kapena amukanikiza mokhota, nambala ya 200 ija imakhala yangotsala pankhope. Mwini wotchi ayenera kufunsa kuti aone mphira ndi maso ake, ndipo ngati ndi wouma kapena wophwatalala asinthidwe ndi kupakidwa mafuta ake asanatseke.

Manambala olembedwa pa mawotchi nawonso asocheretsa anthu ambiri. Wotchi yolembedwa "Water Resistant" yokha, kapena "30M", siyoyenera kusambira nayo. Imangopirira mvula ndi madzi osamba m'manja. Seiko 5 zambiri zakale, zimene ana analandira kwa atate awo obwera ku Joni, zili m'gulu limeneli, ndipo patapita zaka 40 kapena 50 mphira wake anauma kalekale. Kulowa nayo m'nyanja pokakoka ukonde ndi kuipha dala. Yolembedwa "100M" munthu angasambire nayo. Yokhayo yolembedwa "Diver's" ndi imene inayesedwa payokha pa muyeso uja. Ngakhale mawotchi atsopano a Seiko 5 Sports amene anatuluka mu 2019, amene maonekedwe ake ndi ofanana kwambiri ndi SKX007, ndi a mamita 100 ndipo kakiyi kake sikamangidwa ngati bawuti. Ndi abwino ndithu, koma si amodzimodzi ndi akale aja.

Mdani weniweni wa thumba la msodzi si kusiyana kwa Seiko ndi Rolex koma wotchi yabodza. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Rolex ya pakansalu imalembedwa mamita 300 ngati yeniyeni, koma kawirikawiri galasi lake limangomatidwa, chigoba chake ndi chitsulo chofewa chopakidwa utoto wonyezimira, ndipo pa kakiyi palibe mphira n'komwe. Pakatha miyezi yochepa utoto umasupuka, mkono n'kumasanduka wobiriwira ndi thukuta. Choipa china n'chakuti achinyengo sanalekere pa maina odula okha. Seiko zabodza ziliponso, kuphatikizapo zina zochokera ku India zimene amatola makina akale otha n'kuwaveka nkhope yatsopano yopakidwa mitundu yowala.

Pali njira zingapo zimene wogula angadzitetezere popanda chida chilichonse. Muvi wa masekondi wa wotchi ya sipuling'i umayenda ngati ukutsetsereka, chifukwa umadumpha ka 6 pa sekondi mu Seiko ndi ka 8 mu Rolex. Ukamadumpha kamodzi pa sekondi ndiye kuti m'kati muli batire, kaya pankhope palembedwa zotani. Kungoti mawotchi abodza ena masiku ano ali ndi makina a sipuling'i, choncho chizindikiro ichi pachokha n'chosakwanira. Kakiyi kayenera kumasuka ndi kumangika mosalala, kosalumpha mano. Mkombero uyenera kukana kubwerera m'mbuyo. Mivi ndi timadontho ta maola, zikaikidwa padzuwa kanthawi kenaka n'kuphimbidwa m'manja, ziyenera kuwala, ndipo pa wotchi yeniyeni kuwalako kumaonekabe mpaka m'bandakucha, nthawi imene msodzi amakufuna kwambiri.

Pomaliza pali kuyesa kumene akatswiri amachita m'fakitale, komwe munthu angakuchitenso pa gombe. Wotchi isiyidwe padzuwa mpaka itenthe pang'ono, moti n'kugwirika bwinobwino m'manja, kenaka pagalasi padonthezedwe dontho limodzi la madzi ozizira a mumtsuko. Pakatha mphindi imodzi dontholo lipukutidwe. Ngati kunsi kwa galasi kwachita nkhungu, ndiye kuti m'kati muli kale chinyezi, ndipo wotchiyo isagulidwe ngakhale wogulitsa atsitse mtengo motani.

Kwa amene ali nayo kale wotchi yabwino, cholakwa chimene chimapha mawotchi ambiri n'chaching'ono: kuiwala kumanga kakiyi pambuyo pokonza nthawi. Kakiyi kakakhala kotseguka, Rolex ndi Seiko zimamwa madzi mofanana. Matope a Chiuta nawo amalowa kunsi kwa mkombero n'kuuma mpaka kuugwira, choncho pochoka kunyanja wotchi itsukuluzidwe ndi madzi oyera kakiyi kali komanga. Sopo, palafini ndi petulo wa injini zimadya mphira. Ndipo nkhungu ikangooneka m'kati mwa galasi, kuika wotchi mu mpunga kapena pafupi ndi moto sikuchotsa madzi amene afika pa timagudumu. Iyenera kupita kwa mmisiri kuti akaitsegule ndi kuiumitsa sabata lomwelo, chifukwa dzimbiri limayamba pa tizitsulo ta kakiyi m'masiku ochepa chabe, kenaka n'kufalikira ku makina onse.